Ndinakana Kuwasiya Kunyanja ya Mchere

M'ma 1980: ntchito yoyamba

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinachokera pa esiteti ya ku Lisasadzi chimanjamanja, pamene anzanga amene tinayamba nawo anapuma ndi malata awo ndi ng'ombe zawo. Malemu mayi anu ankakuyankhani kuti, "Abambo anu ndi ouma mutu," ndipo sankanama. Koma kuuma mutu kumakhala ndi pamene kunayambira. Ndiye ndilembe ndisanaiwale, poti masiku ano ndimaiwala ndi pamene ndaika magalasi pomwe.

Ndinachoka kwathu ku Simlemba ndili ndi laisensi yatsopano m'thumba ndi buluku limodzi, n'kukalembedwa ntchito ya thalakitala pa esiteti ya fodya wa bale. Ndinkagawa feteleza ndi chimanga kwa matenanti, nthawi yogulitsa n'kumatuta mabelo. Mwini wake anali Mmalawi mnzathu, wamalonda wa ku Lilongwe. Dzina lake sindilemba, ana ake alipo. Ife tinkangomuti Zitheka, chifukwa chilichonse chimene ungamuuze yankho linali lomwelo. Matayala atha bwana: zitheka. Malipiro achedwa bwana: zitheka. Sanali munthu wokalipakalipa ayi, koma ankafuna kuti chilichonse chizikhotera kumene iye akulowera. Ataona kuti mowa sindimwa ndipo injini ndimaimva, anandichotsa pa thalakitala n'kundipatsa pikapu ya kunyumba yaikulu, pamodzi ndi kanyumba ka njerwa kamene enanu munabadwiramo.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi a Makwinja, khukhi wa bwana. Anali munthu wamfupi, wadazi, wamkulu kwa ine ndithu, ndipo akamaseka ankatseka pakamwa ndi dzanja ngati mtsikana. Tsiku lililonse ankandisungira tiyi kuseri kwa khitchini. Ine ndinkawati achimwene, iwo ankanditi adalaivala, ndipo dzina langa lenileni sindinalimvepo pakamwa pawo. Makolo awo anachokera ku Phalombe pa lole ya matenanti iwo ali kamwana. Anakulira m'zigafa akusoka fodya. Makolowo anafera pa esiteti pomwepo, n'kuikidwa kumanda a matenanti, pakona pa munda wakumadzulo, pansi pa mitengo ya bulugama. Mudziwe kuti kumeneko tenanti sankalowa m'manda a mudzi. Eni nthaka anali ndi awo, obwera anali ndi awo. Ku Phalombe a Makwinja sanabwererekonso, analibeko ndi kamunda komwe. Cha kwawo chimene chinawatsalira chinali Chilomwe basi, chimene ankalankhula ndi akazi awo, mayi a Esinati, akafuna kutijeda.

Kumapeto kwa m'ma 1990: maulendo a tchuthi

Nkhondo itatha ku Mozambiki bwana anayamba chizolowezi chatsopano. Okushoni ikatsekedwa, fodya yense wagulitsidwa, ankatenga banja lake kupita kunyanja ya mchere. Anzake ankapita ku Salima, koma iye ankati kumeneko kumapita aliyense. Galimoto yaikulu ankayendetsa yekha, muli adona ndi ana. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi pikapu, mutadzaza matenti, mbaula, mapoto, ufa, migolo ya dizilo, ndi a Makwinja pambali panga atakumbatira katoni ya mbale. Ankawatenga pa zifukwa ziwiri. Adona sankadya zophika munthu wina, ndipo tikangodutsa chipata cha Muloza kulowa m'Mozambiki, Chilomwe cha a Makwinja ndicho chinali pakamwa pa tonsefe.

Tinkayamba tagona kumapiri a tiyi, kumene kuli nkhalango imene sindinaonepo inzake. Ife a ku Kasungu tinazolowera dziko lathyathyathya, kuona kutali mpaka kumene maso athera. Uko ayi. Mitengo yake ukati uyang'ane nsonga chipewa chimagwa, pansi pamakhala ponyowa chaka chonse, ndipo masanasana mumakhala mdima ngati m'chigafa chodzaza. Ana a bwana ankakuwa ndi chimwemwe poona anyani ndi mathithi. Ine chimene ndinkaona ndi matope oti ndikankhemo galimoto.

Tikachoka kumeneko tinkatsetsereka kudzera ku Mocuba mpaka kugombe, kumpoto kwa Quelimane, n'kumayenda katawuni ndi katawuni. Timatawuni take tinali tofanana: msewu umodzi wamchenga, nyumba zakale za Apwitikizi zogumuka makoma, zina zili ndi mabowo a zipolopolo, tchalitchi, msika wonunkha nsomba, ndi mitengo ya kokonati yosawerengeka. Kukongola kunali kokongola ndithu, sindinama. Koma musaganize kuti tchuthicho chinali chathu. Tchuthi ndi cha amene wakhala pampando. Ine ndinkakhoma matenti, kusaka madzi akumwa, kutsuka mchere pansi pa magalimoto ndi kulondera katundu. Zaka zonsezo m'madzi aja sindinalowemo kupyola m'maondo.

A Makwinja ndiye sankafuna n'kuwayang'ana komwe. Mbaula ankaika kuseri kwa pikapu, n'kumaphika atafulatira nyanja. Ankati, "Adalaivala, madzi oti m'mawa achoka, masana abwerera, ngati munthu wopita kumunda, si madzi abwino amenewo." Ndinkawaseka mpaka kugwira nthiti.

Pa katawuni kena kamene bwana ankakakonda kwambiri tinkamanga matenti pafupi ndi tchalitchi. Kuseri kwake kunali manda, ndipo manda otero sindinawaonepo kwathu kuno: mpanda wa njerwa, mitanda yopaka laimu, mthunzi wa kokonati, amayi akusesa Loweruka lililonse. Tsiku lina tikupuma masana ndinawaseleula.

"Achimwene, malo ndi awa. Munthu atagona pano, mphepo yake imeneyi, angadandaule chiyani?"

Sanaseke. Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana.

"Musamasewere nazo zimenezo, adalaivala. Ine kwathu kulibe. Kwathu ndi pakona paja pali amayi ndi abambo. Zikadzachitika tili kuno, musadzandisiye. Mwamva?"

"Ndamva, achimwene."

Ndinayankha mongoyankha, ndikutafuna kokonati.

Zaka za kusowa kwa mafuta: ulendo womaliza

Chaka chimenecho mafuta ankavuta m'dziko muno, anthu akugona pamizere, ndipo tinkaganiza kuti ulendo sukhalako. Koma Zitheka anali Zitheka, migolo anaipeza. Iwe Mphatso unali Fomu 3 nthawi imeneyo, ndipo fizi yako inkachokera pa chiwongolero changa.

A Makwinja anayamba kudwala tili kunkhalango. Ndinawaona akunjenjemera pamoto, dzuwa lili pamutu. Ndinapita kwa bwana.

"Bwana, achimwene malungo awagwira. Bwanji tikadutsa pa Mocuba tiime nawo pachipatala?"

"Zitheka, Mwale. Uwapatse mapiritsi a mutu ali m'galimotomo."

Kunena chilungamo, eni akenso anakana. Anati ali bwino, ndi chimfine chabe, ndipo adona adya chiyani iwo akagona. Munthu amene wagwira ntchito ya m'nyumba moyo wake wonse amaona kudwala ngati mwano. Pa Mocuba tinadutsa osaima. Titafika pa katawuni ka tchalitchi kaja anaphika masiku awiri akudzikoka, kenako anagwa pambali pa mbaula chipande chili m'manja. Tinathamangira nawo kukachipatala ka pomwepo, ka zipinda ziwiri. Namwino anayesetsa, anawaika diripi, koma anati malungo afika kumutu. Mawa lake masana anatisiya, ine nditawagwira dzanja. Asanatsirizike analankhula nthawi yaitali, koma analankhula Chilomwe. Kalanga ine, mawu omaliza a mnzanga ndinawamva ndi makutu awa, koma chimene ananena sindikuchidziwa mpaka lero.

Bwana anandiitanira pansi pa mtengo wa kokonati. Maso ake anali ofiira. Sindinganene kuti sizinamukhudze.

"Mwale, tiganize ngati akuluakulu. Wafa, wafa. Manda ndi awo, ansembe avomera. Ndigula bokosi labwino, tiika mawa mwaulemu, ndipo mkazi wake ndikamuona tikabwerera. Kapitawo wa ku esiteti ndamuimbira kale kuti akamuuze."

"Bwana, anandiuza kuti ndisawasiye kuno."

"Anakuuza liti?"

"Kalekale, pamalo pomwe pano."

"Nanga uwanyamula bwanji? Kutentha kumeneku? Mapepala a pachipata uwapeza kuti, iwe wosadziwa ndi moni yemwe wa kuno? Ndipo pikapu ikachoka, katundu yenseyu asenza ndani? Ana aja ndinawalonjeza kuti tikafika kugombe lakumpoto."

Apo ndiye mtima unandiwira. Ndinati, "Bwana, inu ndinu Mmalawi ngati ine. Mayi a Esinati ndikawauza chiyani? Kuti amuna awo tawasiya panjira ngati tayala lophulika? Munthu wakuphikirani kuyambira ana anu asanabadwe! Chaona mnzako chapita, bwana."

Ndinkadikira mawu ake a masiku onse aja, koma tsiku limenelo sanawatchule. Anati, "Galimoto ndi yanga. Ukaitenga, ukafika ukasiye makiyi kwa kapitawo. Wamva?"

Ndinamva bwino lomwe. Ndinayenda kukaima pamchenga, ndikuyang'ana madzi amene a Makwinja ankadana nawo aja. Ndinaganiza za kanyumba kathu, za mayi anu, za fizi yako Mphatso, ndi msinkhu wanga, poti dalaivala wa imvi salembedwa ntchito msanga. Ndinadziuza kuti wakufa sadziwa kanthu, kuti Mulungu adzamupeza paliponse pamene wagona. Zonsezo zinali zoona. Koma munthu anandifunsa kuti mwamva, ine ndinati ndamva. Ndinabwerera n'kuyamba kutsitsa matenti ndi mapoto m'pikapu.

Ndikanakhala ndekha sindikanatha. Amene anandithandiza ndi katekisiti wa patchalitchipo, a Domingo, bambo wowonda amene anandidabwitsa pondilonjera m'Chichewa. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Mulanje n'kukhalako zaka. Nditawafotokozera, sanandifunse zambiri. Anati, "Mwana wanga woyamba ali m'manda kwanu kuja, ndipo chibwerere sindinakaoneko. Ndikudziwa chimene mukunena. Tiyeni." Anayenda nane kwa dokotala, kupolisi ndi kuboma mpaka mapepala anadindidwa. Anapeza kalipentala amene anakhoma bokosi n'kuliyala malata m'kati. Asodzi anatipatsa madzi oundana amene amasungira nsomba, osalandira kanthu, ndipo tinawathira utuchi n'kuzunguliza bokosi lonse. Bwana sanabwere kudzaona, koma mgolo wa dizilo umene ndinasiya m'pikapu sananene kuti nditsitse. Ndikuliza injini adona anabwera okha, anavula chitenje chimene anafunda, n'kuchiyala pabokosi.

Njira yobwerera

Ndinamangirira nthambi zamasamba kutsogolo kwa galimoto n'kunyamuka. Msewu wake ndi uja tinkadutsa chaka ndi chaka, koma mpando wa pambali panga unali wopanda munthu, ndipo panalibe wondiuza kuti adalaivala chepetsani, mbale zisweka. Madzi oundana aja ankasungunuka n'kumadontha m'mbuyo njira yonse. Pa Mocuba ndinapeza ena, polankhula ndi manja. Mantha anga onse anali pa dzuwa, kuti lingandiwonongere munthu ndisanafike.

Akuluakulu kwathu amati ukanyamula maliro kuchokera kutali uziwauza pamene mwafika, makamaka powoloka mtsinje, kuti asatsalire m'njira. Ine ndine wa mpingo, ndinabatizidwa, koma tsiku limenelo ndinachita. Pachipata, wa yunifolomu atatembenuza mapepala mpaka kutopa n'kundikwezera dzanja, ndinagogoda galasi lakumbuyo n'kunena kuti, "Achimwene, uyu ndi Muloza. Talowa kwathu." Pa Zalewa ndinati, "Achimwene, Shire uyu." Pa Linthipe chimodzimodzi. Apolisi a pamsewu akaona masamba aja ankangosuzumira n'kundiuza kuti pitani bwino bambo. Nditawoloka Bua, nditaona dziko lathu lija latambasuka, zigafa zopanda fodya ndi minda yopserera, mawu anandikanika. Ndinaimika galimoto pambali n'kulira ngati mwana. Kenako ndinati, "Achimwene, Bua uyu. Tatsala pang'ono."

Pa esiteti anali atayamba kale kulira maliro opanda mtembo, poti uthenga umene unafika unali wakuti aikidwa konko. Pikapu italowa pakati pa nyumba za antchito, amayi anatuluka m'siwa n'kuima. Mayi a Esinati anabwera pang'onopang'ono, anagwira chitenje chonyowa chija, n'kundiyang'ana. Anangoti, "Mwabwera nawo." Bokosi sitinatsegule. Matenanti anakumba okha, ndipo tinawaika tsiku lomwelo pakona paja, pafupi ndi mayi awo, pansi pa bulugama.

Tikuchoka kumanda ndinapereka makiyi kwa kapitawo. Iye anati ndidikire, mwina bwana akabwera mtima ukhala utatsika. Bwana anabwera, katundu wake ali pa lole yahayala, ndipo sanandikalipire, sanandiitane n'komwe. Anangotuma mawu kuti mwezi ukatha nyumba ikhale yopanda munthu. Mayi anu anandifunsa funso limene sindinaliyankhe mpaka anamwalira: "Ndiye mwasankha wakufa. Nanga amoyofe tidya chiyani?" Tinabwerera ku Simlemba. Ndinayendetsa malole a eni ake, lero uyu mawa uyo, mpaka maso anayamba kuchita khungu. Iwe Mphatso sukulu unaisiyira pomwepo, ndipo ngakhale sunandinenepo, ndimaona m'mene umayang'anira anzako amene anapitiriza. Zimenezo zimandiwawa kuposa njala imene tinagona nayo.

Chaka chatha

Bwana anamwalira, ana ake anagulitsa esiteti zidutswazidutswa. Chaka chatha nthawi yopalira ndinakwera minibasi kupita ku Lisasadzi, ndati ndikaone achimwene ndisanawatsatire. Ndinasochera pamalo poti ndinakhalapo theka la moyo wanga. Bulugama yense anadulidwa, anamangira zigafa. Manda a matenanti analibe ziliza, inali milu ya dothi chabe, ndipo mvula ndi makasu zinaisalaza. Mwini watsopano sadziwa aliyense wa anthu amene agona pamenepo. Fodya anali wobiriwira kuchokera kumsewu mpaka kudambo, mizere yokhayokha.

Ndinaima pamenepo mutu utazungulira. Ndinaganiza za mitanda yopaka laimu ija, ndi amayi osesa Loweruka. Ndinadzifunsa kuti, Mwale, ntchito unataya, mwana sukulu anasiya, zonsezo kuti munthu adzagone pansi pa fodya wa mlendo?

Ndiye ndinaona mayi wokalamba atawerama chakukona, akupalira yekha, kutali ndi aganyu anzake. Anali mayi a Esinati. Akhala kwa mwana wawo pafupi ndi msika, msana unapindika, koma anandizindikira ndisanalankhule.

"Adalaivala! Mukadali moyo?"

"Ndikadalipo, mayi. Nanga inu msinkhu umenewu, ganyu?"

"Ganyu wa pano pokha. Chaka chilichonse ndimabwera kudzapempha kona ino. Kapitawo wake amandiseka, amati agogo amakonda kona. Pano khasu la munthu wina ayi."

Anandilozera pansi. Pakati pa mizere panali kamalo kosadzalidwa, kotalika ngati mphasa, kosesedwa bwino, kopanda ndi udzu umodzi womwe. Anati antchito akaokera fodya pamenepo iwo amadzazula, ndipo akafunsidwa amati mbande zinafa zokha. Ndinavula chipewa. Mphepo inkagwedeza masamba a fodya.

Kenako anandifunsa, osandiyang'ana, "Kodi kunyanja kuja, kumene bwana ankafuna kuwaika, manda ake anali otani?"

Ndinafuna kunama, koma munthu wamkulu ngati ameneyo sunganamize. Ndinati, "Anali abwino, mayi. A mpanda, mitanda yopaka laimu, mthunzi wa kokonati. Kuposa pano kutalitali."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akuwaona. Kenako analavulira m'manja n'kutola khasu lawo.

"Nanga akanawapalira ndani?"

Anawerama n'kupitiriza ntchito.